Pitani achemwali, koma ana ofooka musalole kuti awabise

Achemwali, nditangoona zoti bungwe lakulonjezani mabuku ndipo mukufunsa ngati mudzipereke kuphunzitsa ana kuwerenga madzulo, mtima wanga wagunda. Ine ndinagwira ntchito imeneyo zaka ziwiri, Lolemba mpaka Lachinayi, osalandira kanthu kupatula tisheti imodzi yomwe inasuluka nditangoichapa kawiri. Za tisheti zilibe kanthu. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi tsiku limodzi.

Ana anga analipo 34. Ndikuti anga chifukwa panalibe wina ankawafuna. Aphunzitsi ananditumizira onse amene anatopa nawo, a zaka 10, 11, ena 13, ali sitandade 4 ndi 5 koma ukawapatsa buku ankaligwira ngati liwaotcha. A e i o u ankaziimba bwinobwino, koma ukaloza o pakati pa tsamba ankangoti duu. Panali mnyamata wina wa zaka 12, wamtali kuposa anzake onse, yemwe ankakhala pafupi ndi khomo kuti ndikamayandikira azembe. Mwezi wonse woyamba sanatsegule pakamwa. Ndinadzazindikira kuti b ndi d kwa iye chinali chilembo chimodzi, ndipo anzake anayamba kalekale kumuseka nazo. Tinayambira pansi penipeni. Maliwu kaye, kenako maphatikizo, ba be bi bo bu, kulemba pa dothi ndi kamtengo, timakadi todula ku makatoni akale. Patatha miyezi 7 anawerenga yekha chiganizo chathunthu choyamba m'moyo mwake: "Galu wanga wathawa usiku." Anachibwereza katatu, kenako anandiyang'ana ngati akufuna kuona ngati ndamunamiza.

Ndiye kunabwera uthenga woti pa 8 Sepitembala, tsiku lija la UNESCO lokumbukira kulemba ndi kuwerenga, opereka ndalama abwera kudzationa. Mnyamata uja anadzisankha yekha kuti adzawerenga pamaso pa alendo. Munthu amene ankathawa ndikangotembenuka! Analemba ziganizo zinayi pa pepala, sabata yonse ankayenda nalo m'thumba, likung'ambika m'mapindiro.

M'mawa wa tsikulo mayi woyang'anira pulojekiti anafika ndi galimoto. Anatsitsa makatoni anayi a mabuku atsopano, onunkhira inki, mabuku omwe ndinakhala ndikupempha chaka chonse n'kumauzidwa kuti ali m'njira. Pambuyo pake panatsika ana 20 omwe sindinawaonepo chibadwire, osankhidwa mwa okhoza kwambiri kusukulu, aliyense ataloweza kale tsamba lake. Mayiyo anandikokera pambali n'kunena monong'ona kuti, "Amayi, anawa atuluke kaye, atichititsa manyazi." Ana anga anawaimika kuseri kwa chipinda, padzuwa, n'kuuzidwa kuti asachite phokoso. Alendo analowa, ana obwereka aja anawerenga ngati wailesi, m'manja munaombedwa, zithunzi zinajambulidwa. Ine ndinaima pambali pa bolodi nditavala tisheti ija, ndikumwetulira. Inde, ndinamwetulira. Nditaponya maso pa zenera ndinaona mutu wa mnyamata uja, popeza ndiye yekha ankafikira, pepala lili m'manja, akudikira kuti ndimuitane. Anadikira mpaka mlendo womaliza anatuluka. Sindinamuitane. Ndinkaopa kuti ndikasokoneza mwambo mabuku aja sitiwaona.

Ndipo sitinawaonebe. Alendo atangokhota pa msewu, mabuku anawerengedwa limodzilimodzi, kubwezedwa m'makatoni, kukwezedwa m'galimoto, ati akawasunge bwino ku ofesi. Pepala la mnyamata uja ndinalitola kuseri kwa chipinda litafinyidwa ngati mpira. Lolemba lotsatira sanabwere. Ndinapita kwawo katatu. Ulendo wachitatu mayi ake anandiuza, maso ali pansi, kuti mwanayo akuti sukulu si yake.

Mayi woyang'anira uja, Mulungu amukhululukire chifukwa ine zikundivuta. Madzulo omwewo zithunzi zinali kale pa Facebook ndi mawu okoma onena za ana omwe asinthidwa miyoyo. Mu lipoti analemba kuti ana a pamalo panga akuwerenga nkhani bwinobwino, pamene theka anali asanadutse pa maphatikizo, ndipo palibe anandifunsa ngakhale kamodzi. Nditadandaula pa msonkhano, yankho lake linali loti ndine wodzipereka chabe, ngati zandikwana khomo ndi lotsegula. Chabe! Munthu amene sankadziwa dzina la mwana ndi mmodzi yemwe, amene choko ankangochiona pa risiti. Anzanga odzipereka anangoti zii, kenako kunja n'kumandiuza kuti ndalankhula zoona. Zoona zonenera kunja zimathandiza ndani?

Chimene chinandikwiyitsa kwambiri ndinachidziwa pambuyo pake. Mu 2022 World Bank pamodzi ndi UNICEF ndi mabungwe ena inanena kuti m'maiko osauka ndi apakatikati, ana 70 mwa 100 alionse a zaka 10 sangathe kuwerenga ndi kumvetsa kankhani kosavuta. Ndiye kuti ana amene tinawabisa kuseri aja ndiwo ochuluka, ndiwo chifukwa chenicheni chimene ndalamazo zinaperekedwera. Tinabisa odwala n'kuonetsa dokotala anthu athanzi.

Ku India kuli bungwe lotchedwa Pratham lomwe linayambitsa njira ya Teaching at the Right Level, ndipo Zambia inaitengera m'pulogalamu yake ya Catch Up. Nzeru yake ndi yosavuta. Mwana aliyense umamuyesa payekha mphindi zochepa, n'kuona pamene waima: sadziwa kalikonse, amadziwa zilembo, amawerenga mawu, amawerenga ndime, kapena amawerenga nkhani yonse. Ukatero umawagawa potengera pamene alipo, osati zaka kapena kalasi, ndipo amene wakwera umamusamutsira gulu lotsatira. Ine ndinkachita zofananako mwa mwayi chabe, osadziwa kuti zili ndi dzina. Abhijit Banerjee ndi Esther Duflo, omwe analandira mphoto ya Nobel mu 2019, ndi anzawo anafufuza za makalasi a odzipereka m'boma la Jaunpur ku Uttar Pradesh, ku India komweko. Anapeza kuti achinyamata wamba ophunzitsidwa masiku ochepa ankathandizadi ana kuwerenga, koma ana amene ankafika kumakalasiwo anali ochepa. Vuto lalikulu ndi kuti mwana abwere ndi kubweranso mawa lake. Ine wanga ndinali nditamugwira kale miyezi 7, anamutaya m'mawa umodzi chifukwa cha zithunzi.

Tsono mukandifunsa, mabungwe musawakhulupirire. Komabe pitani, musayambe nokha, chifukwa wopanda mabuku ndi malo odalirika amatopa mwezi wachitatu usanathe, ndaona ambiri. Kungoti mabukuwo muwaone ndi maso, asiyidwe pamalopo, pakhale kope losainirana lomwe makolo awiri kapena atatu akulidziwa. Akati ali m'njira, dziwani kuti njirayo ilibe mathero. Ndipo mabuku ambiri operekedwa amakhala ovuta kwa mwana woyamba kumene, ena m'chinenero chomwe sachimva n'komwe, choncho lembani nokha tinkhani ta mizere inayi m'chinenero chimene anawo amalankhula kunyumba. Mwana amagwira msanga kuwerenga m'chinenero chake, china chimabwera pambuyo.

Sabata yoyamba yesani mwana aliyense, lembani m'kope lanu, osati la bungwe, ndipo bwerezani pakatha mwezi uliwonse. Tsiku limene wina adzalembe lipoti labodza mudzakhala ndi choonetsa. Ola limodzi patsiku ndi lokwana, kupitirira apo mukungolimbana ndi tulo. Ana asapose 20 pa munthu mmodzi, ngakhale ine ndinali ndi 34 ndipo sindikanabweza ndi mmodzi yemwe. Wamkulu msinkhu musamuwerengetse pamaso pa ang'onoang'ono mpaka atapempha yekha. Musakhale nokha ndi mwana m'chipinda chotseka, khomo likhale lotsegula ndipo pakhale wamkulu wina pafupi, zimateteza mwana komanso inu.

Makolo musawaiwale. Ambiri amene ndinkaganiza kuti alibe nazo ntchito ankangochita manyazi chifukwa nawonso sadziwa kuwerenga. Ndinkawauza kuti angokhala pansi mphindi 10 mwana awawerengere mokweza, iwo azimvetsera basi. Agogo ena ankabwera kudzakhala kumbuyo, ati akuperekeza mdzukulu, koma milomo yawo inkayenda limodzi ndi ba be bi.

Musawakonde kwambiri anawo, mudzapwetekeka ngati ine. Koma dziwani kwawo kwa aliyense, ndipo akajomba masiku awiri pitani tsiku lachitatu, musadikire sabata. Za alendo, nenani poyambirira penipeni, pamaso pa anthu, kuti tsiku lililonse lobwera alendo owerenga adzakhala ana a m'kaundula wanu, wogwagwaja ndi wothamanga yemwe. Akakana, bwererani tsiku lomwelo. Ngakhale kunena zoona ine sindinabwerere, ndinakhalabe chaka china chathunthu chifukwa cha 33 otsalawo, ndipo 19 mwa iwo anafika powerenga nkhani ndisanachoke.

Pepala lija ndikadali nalo, ndinaliwongola n'kuliika m'kope langa. Ma b onse ndi ma d onse analemba molondola. Timakadi ta maphatikizo tija tiliponso, takalamba koma tikuwerengeka, mukatifuna ndiuzeni ku inbox ndikujambulireni.