Kukonzeratu ulendo wonse kapena kungonyamuka basi?

Achimwene, imelo yanu ndaiona. Mukuti mukufuna kuyenda miyezi iwiri ndi chikwama kumsana koma anzanu akukusokonezani, ena akuti bukitsiranitu pogona paliponse, ena akuti ingonyamukani zina mukaona konko. Ine ndikuti konzeranitu zokhazo zimene simungazikonze muli panjira, zotsalazo zisiyeni.

Pali malo oti ukafika pageti opanda pepala palibe zonyengerera. Inca Trail ya ku Peru, njira yopita ku Machu Picchu ija, amangolola anthu 500 patsiku kuphatikiza ma gaidi ndi onyamula katundu omwe, ndiye ma pemiti amatha kudakali miyezi, komanso February yense njirayo imakhala yotseka. Mayiko a Schengen, gulu la mayiko ambiri a ku Ulaya, mlendo amapatsidwa masiku 90 pa masiku 180 aliwonse, ndipo mayiko ambiri amafuna pasipoti yoti yatsala ndi miyezi 6 isanathe. Izi zokha musazichite mwa tiona konko chonde.

Ngati muli zoyenda pansi m'mapiri muwerengerenso nthawi, osangoona makilomita pa mapu. William Naismith wa ku Scotland anapereka kawerengedwe kake mu 1892, ola limodzi pa makilomita 5, kenako kuwonjezera ola lina pa mamita 600 aliwonse okwera, ndipo chikwama chikakhala cholemera ndiye muwonjezerenso. Mudziwiretu potunga madzi, mapu muwadawunilodiretu mufoni chifukwa netiweki kumeneko siyodalirika.

Koma kubukitsa usiku uliwonse wa miyezi iwiri, ayi ndithu, ndikukuletsani. Thupi silidziwa pulani yanu. Mudzadzuka tsiku lina chidendene chatuluka thuza, sokosi yamatirira pabala, kunja mvula ikuthira, ndiye chifukwa bedi ya kutsogolo munalipira kale mudzamanga nsapato n'kumatsimphina tsiku lonse kuopa kuluza ndalama, pomwe mukanangopuma tsiku limodzi mwendo ukanakhala bwino. Komanso malo amene mudzawakonde kwambiri nthawi zambiri mudzawamva kwa mlendo mnzanu pa hostel, munthu woti wachokera kumeneko dzulo lomweli, ndiye pulani ikakhala yothina mungomuyankha kuti ndikanakonda. Zimawawa zimenezo.

Njira zina zinapangidwiratu kuti munthu aziyenda momasuka. Camino Francés, njira yoyenda pansi kuchoka ku Saint-Jean-Pied-de-Port ku France mpaka Santiago de Compostela ku Spain, pafupifupi makilomita 800, ili ndi midzi pafupipafupi ndipo ma albergue (nyumba zogona apaulendo) ambiri aboma amangolandira amene wayamba kufika. Pomwe Tour du Mont Blanc, njira yozungulira phiri la Mont Blanc ku Ulaya, tinyumba togona ta m'phiri timadzaza msanga mu July ndi August, kumeneko osabukitsa ndi kudzizunza.

Ndiye bukitsani usiku woyamba ndi wachiwiri basi, poti mudzafika otopa m'dziko lachilendo, sabata iliyonse musiyemo tsiku limodzi lopanda chochita, ndipo mukasintha njira muzitumiza meseji kwa m'bale wanu kuti adziwe komwe mwalowera ndi tsiku loti akumvereni.