Kodi kuchoka kwa bwana amene anakuphunzitsa ntchito n'kusayamika?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wokonza mafoni ku Limbe. Akuti wagwira ntchito zaka zinayi kwa bwana amene anamuphunzitsa chilichonse, kuyambira kusintha sikirini mpaka kufufuza vuto pa bodi ya m'kati mwa foni. Bwanayo ndi katswiri, foni imene ena ailephera iye amaidzutsa. Koma amatukwana antchito pamaso pa makasitomala, ndipo kanthu kakasowa m'shopu, aliyense amasanduka wakuba. Mnyamatayu ndi anzake awiri akufuna kutsegula shopu yawo, ndiye akufunsa kuti, "Tikachoka, kodi anthu sadzati ndife osayamika?"

Achimwene, ena adzanenadi. Koma ndikufuna mumve za anthu amene anapanga tizipangizo timene mumatigwira tsiku lililonse, chifukwa nawonso anakumana ndi zomwezi.

Mu Disembala 1947, ku Bell Labs, malo a kafukufuku m'dziko la America, John Bardeen ndi Walter Brattain anapanga transistor yoyamba, kachipangizo kotsegula, kutseka ndi kukuza mphamvu ya magetsi. Mu chip ya foni imodzi, kachidutswa kamene kali ngati ubongo wake, lero muli mabiliyoni a timeneti. Mkulu wa gulu lawo anali William Shockley, munthu wanzeru zoopsa. Zinamuwawa kuti anzakewo atulukira chinthucho iye palibe, moti anadzitsekera yekha n'kupanga mtundu wina wabwino kuposa woyambawo. Nzeruzo zinali zenizeni, koma ubale unathera pomwepo. Bardeen anachoka mu 1951 n'kupita kukaphunzitsa ku yunivesite ya Illinois. Mu 1956 atatuwa analandira limodzi mphoto ya Nobel.

Chaka chomwecho Shockley anali atatsegula kampani yake ku Mountain View, California, ndi ndalama za munthu wamalonda Arnold Beckman. Diso losankha anthu anali nalo, anatola anyamata anzeru kwambiri. Kuwasunga ndiye kunamukanika. Tsiku lina mlembi wina anadzicheka dzanja ndi kachitsulo ka pachitseko. Shockley anakhulupirira kuti wina wachita dala, ndipo anafuna kuti antchito ayezedwe ndi makina ogwira abodza. Atakayang'anitsitsa anapeza kuti kanali kapini kokhomera mapepala kamene kanathyoka mutu. Nditawerenga za zinthu zosowa m'shopu mwanu, nkhani imeneyi ndi imene inayamba kundibwerera. Munthu wokayikira aliyense amatopetsa kuposa malipiro ochepa.

Chimene ndimawalemekezera anyamata a kwa Shockley aja n'chakuti sanathawe usiku. Anayamba apita kwa Beckman kukadandaula, kupempha kuti pabwere wina woyendetsa kampani, Shockley azingoona za kafukufuku. Beckman atasankha kuima ndi Shockley, m'pamene asanu ndi atatu anachoka mu 1957, kuphatikizapo Robert Noyce, Gordon Moore ndi Jean Hoerni. Mpaka lero amadziwika ndi dzina lakuti "achiwembu asanu ndi atatu". Anayambitsa Fairchild Semiconductor, ndipo mu 1959 Hoerni anapeza njira yosiya kachikuto kopyapyala pamwamba pa silikoni, chinthu chimene amapangira ma transistor, kuti fumbi ndi chinyezi zisawononge transistor. Noyce anaona kuti pamwamba pa kachikutoko akhoza kuyalapo timizere tachitsulo tolumikiza ma transistor ambiri pa kachidutswa kamodzi. Jack Kilby wa ku Texas Instruments anali atayamba kale maganizo ofanana mu 1958, koma njira ya ku Fairchild ndi imene inatheka kupangira zochuluka m'fakitale. Wina anayamba, wina n'kuwonjezera. Mutu umodzi susenza denga. Mu 1968 Noyce ndi Moore anayambitsa Intel, kampani yopanga ma chip.

Kampani ya Shockley sinapite patali. Iye anathera zaka zake zomaliza akulalikira zonyoza nzeru za anthu akuda, zinthu zonyansa zimene zinamuchotsera ulemu ngakhale kwa anzake asayansi. Anamwalira mu 1989 ali wotalikirana ndi ana ake omwe. Zimandimvetsa chisoni ndithu, chifukwa mphatso anali nayo.

Tsono yankho langa ndi ili: chokani, mtima usakutsutseni. Zaka zinayi za thukuta lanu zabweza zambiri pa zimene anakuphunzitsani. Luso limene lili m'manja mwanu ndi lanu, koma zida za m'shopu, masipeya ndi kope la manambala a makasitomala ndi zake, musazikhudze. Makasitomala amene amakukondani adzakupezani okha. Pitani mukawauze bwanawo pamaso, nonse atatu, muwapatse mwezi wathunthu, ndipo muwathokoze potchula zimene anakuphunzitsani. Akakalipa, apirireni tsiku limenelo.

China chimene simunafunse koma chikundidetsa nkhawa ndi mgwirizano wa inu atatu. Anyamata a ku Fairchild aliyense anaponyamo madola 500, koma ndalama zazikulu zinachokera ku kampani ya Sherman Fairchild, imene inali ndi ufulu wodzagula zonse ikafuna. Mu 1959 inagulatu, eni ake n'kusanduka antchito m'kampani imene anaiyambitsa okha, ndipo pang'onopang'ono anayamba kuchokamo. Musanalipire lendi ya mwezi woyamba, khalani pansi mulembe kuti aliyense waponya zingati, phindu muzigawana bwanji, ndi zimene zidzachitike mmodzi akadzafuna kuchoka. Ngati pali wachibale wokubwerekani mpamba, naye asaine pa pepala lomwelo, pali mboni.