Kodi William Marshal anakwatira mkazi kapena anakwatira dziko?

Mayi wina amene amawerenga tsamba lino wanditumizira imelo. Akuti anamva zoti kalekale ku England, mfumu inapereka mtsikana wolemera kwa msilikali wotchedwa William Marshal ngati mphoto, ndiye akufunsa kuti: "Kodi umenewu unali ukwati kapena malonda? Nanga mtsikanayo ananenapo chiyani?"

Mayi, ndisakubisireni, poyamba anali malonda ndithu. Koma kuti mumvetse zimene anagulitsanazo, tiyambe taona kumene mwamunayu anachokera.

William anabadwa cha m'ma 1146. Sanali mwana woyamba, ndipo masiku amenewo munda, linga ndi dzina zinkapita kwa mwana wamwamuna wamkulu. Enawo ankadzionera okha. Ali ndi zaka ngati zisanu, mu 1152, bambo ake a John Marshal anamupereka ngati chikole kwa Mfumu Stephen, imene inali itazinga linga lawo ku Newbury. Kenako bambowo anaphwanya pangano. Mfumu itaopseza kuti imupachika mwanayo, akuti iwo anayankha kuti nyundo ndi posulira akadali nazo, asula ana ena abwino kuposa ameneyo. Mawu a bambo wobereka amenewo! Mwayi wake, Stephen anali wofewa mtima ndipo sanamuphe.

Anakulira ku Normandy, kumpoto kwa France, kwa wachibale wawo William de Tancarville, kumene anaphunzira kumenya nkhondo ali pahatchi. Mu 1168 amalume ake a Patrick, Earl (nduna yaikulu yokhala ndi dera lake) wa ku Salisbury, anaphedwa ndi adani owabisalira panjira akuperekeza Mfumukazi Eleanor wa ku Aquitaine. William anavulazidwa pantchafu n'kugwidwa, ndipo mfumukaziyo ndi imene inamuwombola. Pofika 1170 anali akuphunzitsa zida mwana wa Mfumu Henry II, amenenso dzina lake linali Henry.

Ndalama zake ankazipeza m'mipikisano ya asilikali a pahatchi. Musaganize za masewera aulemu a anthu awiri. Anali magulu awiri omenyana tsiku lonse m'minda ndi m'tchire, ndipo ukagwira mnzako, hatchi yake ndi zida zake zinali zako, mwiniwakeyo n'kulipiranso dipo. William ndi mnzake Roger de Gaugi anagwira anthu 103 m'miyezi khumi yokha. Tsiku lina anthu ofuna kumupatsa mphoto anamufunafuna mpaka anakamupeza kuchipala, mutu uli pachitsulo chosulirapo, wosula akulimbana ndi chipewa chachitsulo chimene chinaphwanyikira kumutu osavulika.

Komatu mbiri siidyedwa. Mbuye wake wamng'onoyo anamwalira mu 1183, William anapita ku Yerusalemu kukakwaniritsa lumbiro la malemuyo, ndipo atabwerako analowa ntchito kwa Henry II. Zaka zinali zitapitirira 40, alibe mkazi, malo ake ndi ochepa.

Mu 1189 Richard, mwana wina wa mfumuyo, anaukira bambo ake. Pothamangitsana kufupi ndi Le Mans, William anakumana naye maso ndi maso, Richard asanavale zodzitetezera. Akanatha kumupha, koma analasa hatchi yokha. Patangopita milungu yochepa Henry II anamwalira, Richard yemweyo n'kukhala mfumu. Wina aliyense akanayamba kumanga katundu. Koma Richard anaona kuti munthu wosasiya mbuye wake pamavuto ndi wofunika kukhala naye, choncho anatsimikiza mphoto imene bambo ake analonjeza: Isabel de Clare.

Isabel anali mwana wa Richard de Clare, wodziwika kuti Strongbow, ndipo mayi ake a Aoife anali mwana wa mfumu ya Leinster ku Ireland. Bambo ake ndi mchimwene wake atamwalira, chuma chonse chinagwera iye, ndipo lamulo linkati mtsikana wotere amusunge ndi mfumu, imusankhirenso mwamuna. Ankasungidwa mu Tower of London. Anakwatirana m'chaka chomwecho cha 1189, iye ali ndi zaka pafupifupi 17, mwamuna pafupifupi 43. Ndiye pa funso lanu lachiwiri lija, mayi, mawu sanali ake, anali a mfumu.

Tsiku limodzi lokha William anakhala mwini wa Chepstow kumalire a Wales, wa Leinster, ndi malo ena ku Normandy. Udindo wa Earl wa ku Pembroke unabwera mu 1199. Kwa ine, lupanga linangomugulira chikondi cha mafumu, koma amene anamusandutsa munthu wamkulu ndi Isabel. Kunena mwachikwathu, anali mkamwini, ndipo ankadziwa yekha.

Umboni wake uli mu 1207. Mfumu John, imene inalowa m'malo mwa Richard ndipo inkamukayikira William, inamuitanitsa kuchoka ku Ireland kuti apite ku England. Asananyamuke anasonkhanitsa anthu ake ku Kilkenny, anaimika Isabel patsogolo pawo ali woyembekezera, n'kuwauza kuti dzikolo ndi la mayiyo mwa kubadwa, iye alibe kanthu kumeneko koma kudzera mwa mkazi wake. Atangochoka, Meiler FitzHenry, woimira mfumu ku Ireland, anaukira. Isabel ndi asilikali okhulupirika anagwira dziko mpaka oukirawo anagonja mu 1208. William atabwerera anawakhululukira ambiri, koma Isabel sanakondwe nazo, ankafuna alangidwe. Ameneyu sanali katundu wongoperekedwa ayi.

Zambiri mwa nkhani zokomazi timazidziwa kudzera m'ndakatulo yaitali imene mwana wawo analembetsa bambo ake atamwalira. Woyimba wolipidwa ndi banja sanyoza maliro, ndiye muzimva mochenjera.

Zotsalazo ndidutsa mwachangu. William anaima ndi John mu 1215 pamene nduna zoukira zinakakamiza mfumuyo kuvomereza Magna Carta, chikalata chochepetsa mphamvu zake. John atamwalira mu 1216, anagwirizira ufumu m'malo mwa Henry III, mwana wazaka 9. Pa 20 Meyi 1217, ali ndi zaka ngati 70, anatsogolera yekha nkhondo ya ku Lincoln n'kugonjetsa asilikali a ku France ndi oukira.

Anabereka ana khumi, aamuna asanu ndi aakazi asanu. Aamuna onsewo anamwalira osasiya wolowa m'malo, ndipo womaliza atamwalira mu 1245, chuma chija chinagawidwa kudzera mwa ana aakazi.

Za chikondi, chimene ndingakupatseni ndi ichi. Ali chigonere ku Caversham mu 1219, anaganiza zolowa gulu la asilikali achipembedzo la Templar, limene silinkalola ukwati. Asanavale mkanjo wawo anaitana Isabel n'kumupempha kuti amupsompsone, poti sadzateronso. Ndakatulo ija imati onse awiri analira. Anamwalira pa 14 Meyi ndipo anaikidwa mu Temple Church ku London. Isabel anamutsatira chaka chotsatira, mu 1220, ndipo anagona ku Tintern Abbey, pafupi ndi Chepstow, m'dziko la makolo ake.