Kodi thabwa la Ouija lingandilankhulitse ndi malemu mayi anga?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mlongo wathu wina amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds, ku Britain. Mayi ake anamwalira kumudzi chaka chatha, ndipo sanathe kupita kumaliro chifukwa cha mapepala. Tsopano mnzake wakuntchito akuti abwera ndi thabwa la Ouija kuti alankhule ndi malemuwo. Akufunsa ngati zimathekadi, komanso ngati n'zoopsa.

Achemwali, pepani kwambiri. Kusaponya dothi m'manda a mayi ako kumapweteka nthawi yaitali, ndipo sindikudabwa kuti mtima ukukokerani kumeneko. Koma yankho langa ndi lakuti musayambe.

Kwa amene simunalionepo, ndi thabwa lolembedwa zilembo A mpaka Z, manambala 0 mpaka 9, ndi mawu achingerezi otanthauza inde, ayi ndi tsalani bwino. Pamwamba amaikapo kathabwa kooneka ngati mtima, kabowo pakati. Anthu amagwiritsa nsonga za zala zawo pa kathabwako, wina n'kufunsa funso, kenako kamayamba kuyenda kuloza zilembo.

Ambiri amaganiza kuti n'zamakedzana. Ayi. Loya wina wa ku Baltimore ku Amereka, Elijah Bond, analembetsa umwini wake mu 1891, ndipo kampani ya Kennard inayamba kuligulitsa ngati chosewerera pabalaza. Kampani ya Parker Brothers inagula bizinesiyo mu 1966, lero ili m'manja mwa kampani ya Hasbro, yomwe imagulitsanso masewera a Monopoly. Linatchuka chifukwa anthu a ku Amereka a nthawiyo anali atatengeka ndi zolankhula ndi akufa kuchokera mu 1848, pamene atsikana a banja la Fox ku Hydesville ankati mizimu ikuwayankha pogogoda. Mu 1888 Margaret Fox anaulula poyera kuti kugogodako kunali kuliza mfundo za zala zakumapazi.

Nanga chimayendetsa kathabwako n'chiyani, popeza onse amalumbira kuti sakukankha? Sanama. Minofu yathu imasuntha pang'onopang'ono motsatira zomwe tikuyembekezera, ife eni osazindikira. Dokotala William Carpenter anafotokoza zimenezi mu 1852. Chaka chotsatira wasayansi Michael Faraday anayesa anthu omwe ankati mizimu ikuzunguza tebulo. Anasanjikiza timakatoni pansi pa manja awo, ndipo timakatoni tapamwamba tinayamba kusuntha pomwe tebulo linali lisanasunthe, kusonyeza kuti manja ndi amene ankatsogola. Ataika kamuvi koonetsa pamene akukankha, anthuwo n'kumakayang'ana, tebulo linasiya kuyenda. Ndi chimodzimodzi Ouija: mukawamanga ogwira kathabwawo nsalu kumaso n'kutembenuza thabwalo mwakachetechete, zala zimapitabe komwe akuganiza kuti kuli inde, ndipo zotuluka sizimveka.

Ndiye n'zosaopsa? Apa ndi pomwe ndikufuna mundimvetse. Chotuluka pathabwa chimachokera mumtima mwanu, koma chimabwera chitavala mawu a mayi anu. Ife kwathu maliro akagwa, funso loti wachita ndani silikhala patali. Mukafunsa zimenezo usiku, misozi ili m'maso, dzina lomwe lidzalembeke ndi la munthu yemwe mumamukayikira kale, mwina azakhali omwe anakangana ndi mayi za munda. Mawa lake mwatumiza uthenga pa WhatsApp ya banja, ndipo kumudzi kwayaka moto. Tamva kangati za agogo omenyedwa, ena kuphedwa, chifukwa chotchulidwa ufiti? Lamulo la ufiti la 1911 ku Malawi limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Inu muli ku Leeds, wotchulidwayo ali pomwepo pamudzi.

Ngati mumapemphera, mukudziwa kuti Deuteronomo 18 amaletsa kufunsira kwa akufa, ndipo Sauli atapita kwa mkazi wa ku Endori anabwerako wosweka mtima. Abusa ena adzakuuzani kuti m'thabwamo muli ziwanda. Ine ndikuona manja a anthu, koma pa zoti mulisiye tikugwirizana.

Mnzanuyo akufunirani zabwino, mumuthokoze n'kukana mwaulemu. Kenako imbirani amalume anu, akufotokozereni masiku omaliza a mayi, zomwe ananena, nyimbo zomwe zinaimbidwa kumanda. Ngati chiliza sichinamangidwe, kambiranani tsiku lomwe inunso mungadzakhalepo, ngakhale litakhala chaka chamawa. Ndipo ngati tulo sitikubwera kwa miyezi, uzani dokotala wanu, ku Britain kuli uphungu wa anamfedwa womwe angakulozereni.