Za kalata ya 1 mwa 120 ija

Iwe msuweni, ndamva za kalata ya kuchipatala ija, yoti atayeza mimba yako akuti chiopsezo choti mwana ali ndi vuto lobadwa nalo la Down syndrome ndi 1 mwa 120. Dikira ndiphule ndiwo kaye... eya. Wafunsa kuti PAPP-A ndi hCG n'chiyani. Koma iwe ndimakudziwa, munthu amene unkabisa malipoti a kusukulu m'nkhokwe ya agogo. Wagona usiku wathawu iwe?

Ukukumbuka amalume a ku Mulanje mu 2017, nthawi ya anamapopa ija? Anapita kuchipatala, mutu ukuwawa chabe. Nesi kungotulutsa singano kuti atenge magazi, iwo phuu pabenchi, chipewa kusiya, njinga kusiya. Anayenda wapansi mpaka kumudzi... ayi ndanama, anakwera kabaza, ndipo wakabazayo mpaka lero akudikira ndalama zake. Miyezi itatu akulengeza pamaliro paliponse kuti anapulumuka, uku usiku sakugona. Azakhali atawakokera konko, magazi ali bwinobwino. Vuto linali magalasi. Njinga sinapezeke.

Ndiye iweyo. PAPP-A ndi hCG wafunsazo zimachokera ku nsengwa n'kulowa m'magazi mwako. Amaziphatikiza ndi zaka zako ndi sikani ija anayeza kumbuyo kwa khosi la mwana, n'kutulutsa nambala. Kumeneko ku England, chiopsezo chikakhala 1 mwa 150 kapena chachikulu kuposa apo, ngati 1 mwa 120 yakoyo, amakuitana, ndi dongosolo lawo basi. Akuyang'ana Down syndrome, pamene chromosome 21 (ma chromosome ndi timitolo ta malangizo a chibadwa m'thupi mwa munthu) imakhala itatu m'malo mwa iwiri. Koma 1 mwa 120 ndiye kuti azimayi 120 a zotsatira ngati zakozo, 119 ana awo alibe. Sanapeze kanthu pa mwana, angowerengera.

Akupatsa NIPT, magazi a pamkono omwewa, amayang'anamo tizidutswa ta DNA ya nsengwa. Imalondola kwambiri, komabe... mmm, nayonso siyotsimikiza. Chotsimikiza ndi amniocentesis, kutenga madzi a m'chiberekero ndi singano kuyambira sabata 15. Imeneyo ili ndi kachiopsezo kakang'ono kopita padera, ndiye mukambirane awiriwiri ndi bambo a kunyumbako, palibe wokukakamiza.

Ndipo si kuti unadya chinachake kapena unanyamula cholemera, apongozi asakusokoneze. Kalatayo sikunena kuti mwana ali ndi vuto, wamva? Sikunena.

Pita Lachinayi ukapereke magaziwo. Nesi akatulutsa singano usathawe, iwe njinga yosiya ulibe. Undiimbire ukatuluka.