Masensa a pa milatho ndi madamu: mwana aphunzire chiyani, ndipo ntchito akaipeza kuti?

Bambo wina wa ku Mulanje walemba kuti: "Mwana wanga wamkazi ali Fomu 4. Chichitikireni namondwe wa Freddy, yemwe anatikokololera milatho kuno mu 2023, sakamba china koma zoti adzagwire ntchito yoika masensa pa milatho ndi madamu, kuti anthu azidziwiratu zisanagwe. Ine ndikuti achite unamwino poti ntchito yake ndi yooneka. Kodi maphunziro akunenawa alipo m'dziko muno? Nanga adzadya nawo?" Pansi pa kalatayo mwanayo wawonjezerapo funso lake: "Pa fomu ya NCHE ndisankhe za zomangamanga kapena za makompyuta?"

Bambo, mwachita bwino kuyamba mwafunsa musanamukanize mwana. Ntchito akunenayi ilipodi. Mainjiniya amaitchula kuti structural health monitoring, ndipo maziko ake inu mumawadziwa kale. Mayi akafuna kugula mbiya pamsika amayamba waigogoda ndi chala n'kutchera khutu. Yabwino imalira ngwee, yokhala ndi mng'alu imalira mosasa, ngakhale mng'aluwo usakuoneka. Mlatho nawonso uli ndi kagwedezekedwe kake lole ikamadutsa kapena mphepo ikamawomba. Dzimbiri likadya zitsulo, kapena madzi akakumba pansi pa mzati, kagwedezekedweko kamasintha. Khutu la munthu silingamve zimenezo, n'chifukwa chake amamatapo timakina totchedwa accelerometer, tomwe timalemba kugwedezekako usana ndi usiku.

Timakina totere ndi timene timatchedwa masensa, ndipo tilipo tamitundumitundu. Strain gauge ndi kachidutswa kopyapyala kokhala ndi waya wopindapinda, kamene amakamata pa chitsulo. Chitsulo chikatamuka wayayo amatamuka nacho, ndipo magetsi amadutsamo movutikirapo pang'ono. Kusinthako ndi kumene amawerenga, ndipo kachipangizoka kamatha kuona mita imodzi ya chitsulo itatalika ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. M'madamu amakwirira piezometer, yoyeza mphamvu ya madzi amene akulowerera m'dothi ndi pansi pa khoma. M'kati mwa makoma aatali a konkire amalendeweretsamo waya wokhala ndi chitsulo cholemera kumapeto, kuti aone khomalo likapendekeka nyanja ikadzaza. Masiku ano amaikanso ulusi wa galasi, wofanana ndi umene umanyamula intaneti, woyeza kutentha ndi kutamuka pa mtunda wa makilomita angapo.

Mayiko ambiri anaphunzira izi atalira maliro. Mlatho wa I-35W ku Minneapolis, m'dziko la America, unagwera mumtsinje wa Mississippi mu Ogasiti 2007 n'kupha anthu 13, ndipo umene anamanga m'malo mwake anauika masensa oposa 300. Ku Genoa, m'dziko la Italy, mlatho wa Morandi unagwa pa 14 Ogasiti 2018 n'kupha anthu 43. Watsopano, wotsegulidwa mu 2020, uli ndi masensa komanso maroboti oyendera thupi lake. Koma sitifunika kupita kutali chonchi. Damu la Kariba, pa malire a Zambia ndi Zimbabwe, linamalizidwa mu 1959 ndipo khoma lake ndi lotalika mamita 128. Madzi otuluka pa zipata zake anakumba dzenje lakuya mamita pafupifupi 80 m'thanthwe la kutsinde kwa khomalo. Konkire yake nayonso yakhala ikufufuma pang'onopang'ono chifukwa simenti sinagwirizane ndi miyala imene anasakanizamo. Kufufuma kotere maso sangakuone. Bungwe la Zambezi River Authority likukudziwa chifukwa pali anthu amene akhala akuyeza ndi kusunga manambala zaka makumimakumi. Damu la Cahora Bassa ku Tete lili ndi matenda omwewo a konkire, ndipo nalonso amaliyeza.

Tsopano iwe mwanangu, mvetsetsa apa, chifukwa yankho la funso lako lagona pamenepa. Kugula sensa ndi kuimata pa mlatho si kumene kumavuta. Chovuta ndi kudziwa tanthauzo la manambala amene ikutumiza. Chitsulo chotalika mamita 100 chimawonjezera mamilimita 1.2 kutentha kukakwera ndi digiri imodzi. Kuchigwa cha Shire, pakati pa mbandakucha wa mu Juni ndi masana a mu Okutobala pamakhala kusiyana kopitirira madigiri 20. Ndiye kuti mlatho wachitsulo wotere umatalika ndi kufupika ndi masentimita oposa awiri uli bwinobwino. Wosadziwa akaona manambala akudumpha chonchi adzatseka msewu pachabe. Akachita zimenezo kawiri katatu, akuluakulu adzasiya kumumvera, ndipo tsiku limene mng'alu weniweni udzakule palibe adzadzuke pampando.

Mainjiniya anayesapo zimenezi pa mlatho wotchedwa Z24 ku Switzerland chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Anauyeza pafupifupi chaka chathunthu, kenaka anayamba kuuwononga dala pang'onopang'ono asanaugumule. Anapeza kuti kuzizira kwa nyengo kunkasintha kagwedezekedwe ka mlathowo kuposa zina mwa zilonda zimene anaupatsa dala. Mpaka lero ophunzira amagwiritsabe ntchito manambala a mlatho umenewu pophunzira kusiyanitsa za nyengo ndi za kuwonongeka. Komanso pali nthawi imene kutentha komweko kumakhaladi ngozi. Mlatho wa Hammersmith ku London, wa mu 1887, anautsekera magalimoto mu Epulo 2019 atapeza ming'alu pa zitsulo zake. Mu Ogasiti 2020 kutatentha kwambiri, zida zoyezera zinasonyeza kuti zinthu zafika poipa, ndipo anautsekera ngakhale oyenda pansi. Sensa inangopereka manambala. Amene ananena kuti kutentha kwa ulendo uno si kwachibwana anali munthu wodziwa momwe chitsulo cha mtundu umenewo chimasweka.

Usaganizenso kuti masensa amaona zonse. Damu la zinyalala za mgodi ku Brumadinho, m'dziko la Brazil, linali ndi ma piezometer ambirimbiri, koma linagumuka mwadzidzidzi pa 25 Januwale 2019 n'kupha anthu 270. Kwathu kuno, namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022 n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130 a magetsi, palibe sensa imene ikanaimitsa Shire. Milatho ya kwanu ku Mulanje imene inapita ndi Freddy inagonja ndi madzi, matope ndi miyala yochoka m'phiri. Chimene sensa ingachite pa mlatho wotere ndi kuchenjeza kuti madzi akumba pansi pa mzati, anthu asawoloke. Zimenezo n'zopulumutsa moyo, koma mlathowo umafunikabe womanga wodziwa za mitsinje.

N'chifukwa chake ndikuti ika za zomangamanga poyamba. Digiri yoyamba ya dzina la masensa a milatho suipeza pa mndandanda wa NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, ndipo ngakhale kunja ambiri amafika pa ntchitoyi atayamba ndi uinjiniya wamba. Ku MUBAS, yomwe makolo ako amaidziwa kuti Polytechnic, kuli kosi ya zomangamanga, Civil Engineering, ya zaka zisanu, ndipo nthambi ya Structures ndiyo ikukhudza maloto ako mwachindunji. Kumeneko ndi kumene udzaphunzire momwe katundu amayendera m'mizati ndi m'mitanda, khalidwe la dothi likanyowa, ndi chimene chimakalambitsa konkire. Za mawaya ndi mapulogalamu a kompyuta ungaziphunzire pambali. Ndaona ambiri akuziphunzira okha. Koma za mphamvu ya zomangamanga n'zovuta kuzitola m'njira, ndiponso amene amasaina kuti mlatho utsekedwe kapena damu litsitsidwe madzi ndi injiniya wolembetsedwa ku bungwe la mainjiniya, kuno ku Malawi Engineering Institution, ku Zambia ku EIZ, ku South Africa ku ECSA.

Ngati mtima wako uli pa timakinato kuposa pa mlatho, Electronics and Computer Engineering ku MUBAS komweko ndi khomo labwino, ndipo udzagwira limodzi ndi a zomangamanga. Ngati chimakusangalatsa ndi chifukwa chimene chitsulo chimachitira dzimbiri kapena kutopa n'kuthyoka, yang'ana Metallurgy and Materials Engineering ku MUST, ku Thyolo. Computer Science payokha ndingaiike pambuyo pa zitatuzi. Idzakuphunzitsa kusanja manambala, koma sidzakuuza chimene mtanda wa konkire ukudandaula.

Pa MSCE pafunika makirediti asanu ndi imodzi, kuphatikizapo Chingerezi, Masamu, Fizikisi ndi Kemisitire. Malo ndi ochepa ndipo opikisana ndi ambiri, choncho kirediti yongokwanira siikupulumutsa. Werenga bwino chikalata cha NCHE cha chaka chimene ukulembetsa, osadalira zimene anakuuza wa chaka chatha. Masamu ndiye mwini nkhani yonseyi. Kugwedezeka kwa mlatho amakumasulira ndi masamu, ndipo kusiyanitsa za nyengo ndi za mng'alu ndi ntchito ya statistics, masamu osanthula manambala ambiri.

Ndibwerere kwa inu bambo, pa funso loti adzadya nawo. Ndisakunamizeni, zotsatsa ntchito zolembedwa kuti "katswiri wa masensa" simuziona kawirikawiri m'nyuzipepala zathu. Milatho yambiri, kuno ngakhale kunja, imayenderedwabe ndi maso a injiniya, ndipo masensa amaikidwa pa zomangamanga zikuluzikulu kapena zokayikitsa. Koma munthu wa Civil Engineering sadikira ntchito ya dzina limenelo. Amalowa ngati injiniya wamba ku Roads Authority, ku makampani omanga ndi olangiza, ku EGENCO imene ikuyendetsa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kapena ku mabungwe a madzi amene ali ndi madamu monga Kamuzu ku Lilongwe, Mudi ku Blantyre, Mulunguzi ku Zomba ndi Lunyangwa ku Mzuzu. Damu lililonse lalikulu limafuna womaliyang'anira. Migodi nayo, kaya ku Kayelekera kaya ku Copperbelt, ili ndi madamu a zinyalala amene sagonetsa eni ake tulo. Luso la masensa limabwera ngati chowonjezera chomusiyanitsa ndi anzake a digiri yofanana. Likapanda kufunika chaka chino, amangopitiriza kumanga misewu ndi nyumba, osakhala pakhomo.

Muuzeniponso kuti si ntchito ya mu ofesi yozizira yokha. Pamakhala kukwera pansi pa mlatho dzuwa lili paliwombo, kulowa m'ngalande zonyowa za m'kati mwa damu, kukasintha batire yakufa, kupeza mawaya atadyedwa ndi makoswe kapena sola itabedwa. Mphezi imodzi imatha kupsereza zida za mtengo wapatali. M'dziko ngati lathu, wodziwa kupanga zida zotsika mtengo, zosadya magetsi ambiri ndiponso zosakopa akuba, ameneyo ndi amene adzasowe mnzake.

Mapointi akapanda kukwana, khomo silinatsekeke. Dipuloma ya zomangamanga kapena ya zamagetsi imalowetsa munthu m'labotale yoyeza dothi ndi konkire, ndipo ambiri amene amawerenga zida za m'madamu tsiku ndi tsiku ndi matekinishani. Palinso luso lina lapachibale lotchedwa non-destructive testing, loyeza zitsulo ndi malo owotcherera popanda kuziphwanya, pogwiritsa ntchito mafunde a phokoso, maginito, utoto wolowa m'ming'alu kapena X-ray. Mafakitale a shuga monga ku Nchalo ndi ku Dwangwa, malo opangira magetsi, njanji ndi migodi zonse zimafuna ntchito imeneyi. Ziphaso zake zimatsata muyeso wa ISO 9712, wa magawo atatu, ndipo bungwe la Southern African Institute of Welding ku Johannesburg limaphunzitsa. Ndi njira yaifupi kuposa digiri, ndipo chiphaso chake chimadziwika m'mayiko ambiri.

Amene wamaliza digiri n'kufuna kuzama amapita ku masters. University of Cape Town ili ndi gulu lofufuza za konkire ndi umoyo wa zomangamanga, ndipo ku Britain mayunivesite a Sheffield ndi Cambridge amadziwika pa nkhaniyi. Thandizo la Beit Trust ndi la ophunzira a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, palinso la Commonwealth. Za fizi ya digiri yoyamba, kafunseni za ngongole ya ophunzira ku HESLGB akangosankhidwa.

Mwanangu, usadikire yunivesite kuti udziwe ngati ntchitoyi ndi yako. Foni ya m'manja ili kale ndi accelerometer, ndipo pulogalamu yaulere yotchedwa phyphox imaonetsa manambala ake. Tenga thabwa lopyapyala, ulisanjike pa njerwa ziwiri, ikapo foni, uligogode n'kulemba kuti likugwedezeka kangati pa sekondi. Kenaka licheke pang'ono pakati ndi sowo, uyezenso. Pitiriza kucheka, uone pamene manambala ayambire kutsika moonekera. Udzadabwa kuti pamafunika chilonda chachikulu ndithu asanasinthe. Ngati pakhomo pali khoma lang'alu, lemba timizere tiwiri mbali ndi mbali ya mng'aluwo, uziyeza mpata wake sabata iliyonse kuyambira chilimwe mpaka dzinja, n'kumalemba tsiku, nthawi ndi ngati kwagwa mvula. Ukadzapeza laputopu, yamba Python, chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta, ndipo kabolodi kamagetsi ka Arduino kapena ESP32 kadzakuphunzitsa kulumikiza sensa yako yoyamba. Ngati kulemba manambala m'kope miyezi ingapo popanda chodabwitsa chilichonse kukutopetsa, dziwa msanga, chifukwa gawo lalikulu la ntchitoyi ndi lomwelo.

Bambo, unamwino ndi ntchito yabwino ndipo sindikuunyoza. Koma namwino wokakamizidwa amavutika, odwala ake amavutikanso. Pa fomu pali mpata wa makosi angapo, choncho unamwino ungakhalepo m'munsimo ngati iye mwini wavomera. Zotsatira za mayeso a mock zikatuluka, ndilembereninso magiredi ake a Masamu, Fizikisi ndi Kemisitire, tidzaone limodzi kosi yoyenera kukhala pamwamba.