Yankho kwa amalume pa za sitima zankhondo zopanda anthu

Eee amalume mwaswera bwanji, ndaona funso lanu mugulumu, loti kodi nzoona kuti masiku ano sitima zankhondo zikumayenda zokha popanda munthu, nde kuti zisitima zikuluzikulu zija zatha ntchito? Ndingoyankha ndi mawu, kulemba kunditalikira.

Zilipo ndithu, koma zambiri ndi timaboti ting'onoting'ono. Taonani za ku Ukraine. Iwo aja nkhondo itakula mu 2022 analibe sitima zoti nkulimbana nazo ndi Russia pa Black Sea, nde anapanga timaboti tina amati Magura V5, kutalika kwake mamita 5 ndi theka basi, mkatimo angodzazamo mabomba, pamwamba kamera, woyendetsa ali kumtunda kutali uko akuonera pa sikirini kudzera pa satelayiti. Amatitumiza usiku tingapo nthawi imodzi, ndipo poti timayenda chogwandira pamadzi rada imavutika kutisiyanitsa ndi mafunde. Asilikali amusitima akamati tiwombere aka, kena katulukira kumbuyo, kena kakulondola pabowo pomwe kanzake kaphulitsa kale. Ndi mmene anamizira sitima za Russia zotchedwa Ivanovets ndi Tsezar Kunikov mu Febuluwale 2024, ndipo Russia inachita kusamutsa sitima zambiri kudoko la Sevastopol kupita nazo kudoko lina la Novorossiysk. Moskva, sitima yaikulu ya Russia imene inamira mu Epulo 2022, musaiphatikizepo, iyo anaimenya ndi mizinga ya Neptune.

Koma zoti zazikuluzo zatha ntchito, aaa ayi amalume, apo nde ndikukana. Black Sea ndi nyanja yopanikizika, mdani ali pakhomo pompo. Kaboti kaja sikanganyamule ndege nkukakhala nazo pakati pa Pacific miyezi ndi miyezi. USS Gerald R. Ford ya America ndi yaitali kuposa mamita 330, imayendera nyukiliya, imanyamula ndege zoposa 70 ndi anthu oposa 4,000, inadya madola pafupifupi 13 biliyoni. China nayo sikugona, sitima yawo yachitatu yonyamula ndege, Fujian, anaitsitsira m'madzi mu 2022.

Chomwe chasintha kwenikweni ndi masamu ake. Ku Red Sea kuja a Houthi aku Yemen kumapeto kwa 2023 anayamba kuponyera sitima ma drone otchipa, aku America nkumawagwetsa ndi mzinga wa madola pafupifupi 2 miliyoni umodzi, mukuona eti? Komanso mizinga ikatha musitimamo iyenera kubwerera kudoko kukaikidwa ina, pomwe winayo akungopanga ma drone ena.

Za mfuti zowombera zokha, izo si zachilendo. Ilipo ina amati Phalanx, inayamba cha m'ma 1980, ili ndi rada yakeyake, akangoitsegula imadzipezera yokha mzinga ukubwera nkulavula zipolopolo 4,500 pa mphindi, chifukwa munthu kuti aone, aganize, adine batani, mzinga wafika kale. Anthu amaopa kompyuta kuti ilakwitsa, nane ndimaopa, koma munthu nayenso mmm. Mu 1988 sitima ya America yotchedwa USS Vincennes inagwetsa ndege ya Iran Air yonyamula anthu wamba, 290 onse kufa, chonsecho makina ake olondola ndege, otchedwa Aegis, ankaonetsa bwinobwino kuti ndegeyo ikukwera, koma asilikali mitima ili m'mwamba nkumauzana kuti ikutsika kudzawamenya.